Cisa ca Nkhwazi pa Ruo

Kumunsi kwa mudzi wathu, kuno ku Majaua, kuli mtengo waukulu wa mbawa. Uli m'mphepete mwa mtsinje wa Ruo. Tsidya linalo ndi Malawi. Pamwamba pa mtengowo pali cisa ca nkhwazi. Nkhwazi sizimanga cisa catsopano caka ndi caka. Zimangoonjezera timitengo pa cakale comweco.

Mvula ikatha ndimapitako m'mawa, ndisanakaphunzitse. Nkhwazi yaikazi ndiyo yaikulu. Kawirikawiri imaikira mazira awiri, ndipo imawafungatira masiku oposa 40. Yaimuna imabwera ndi nsomba m'zikhadabo. Nthawi ya dzinja kumabweranso mbalame ina yogwira nsomba, yocokera ku Ulaya. Pa Cipwitikizi amati águia-pesqueira. Iyo ndi mlendo, siimanga cisa kuno.

Tsekwe ndi waulesi pomanga. Amene ndinamuona ine anaikira m'cisa cakale ca nanchengwa, pa mtengo wina capafupi. Anapiye atangoswa, make anaitana ali pansi. Iwo anadumpha mmodzimmodzi, alibe ndi mapiko omwe. Ndinawerenga 7, ndipo onse anadzuka ndi kuthamangira kumadzi. Ndili mnyamata ndinkatola mazira otere ndi kukaphika. Tsikulo ndinacita manyazi.

Mu Marici 2023 kunabwera namondwe Freddy. Ruo anasefukira, natenga madimba ndi mabwato. Bambo wina wa m'kalasi mwanga bwato lake linapita. Mu Julayi ndinawapeza pansi pa mbawa uja, nkhwangwa ili paphewa. M'cisa munali mwana mmodzi wongoswa kumene.

"Bambo, m'mwambamo muli mwana," ndinatero.

"Aphunzitsi, kwanganso kuli ana. Popanda bwato adya ciyani?"

Ndinasowa coyankha, pakuti ananena zoona. Ndinangowaonetsa gombe. Pamene panalibe mitengo, madzi anagumula dothi mpaka m'minda. Pamene panali mizu ya mbawa, dothi linatsala. Kenaka ndinawapempha kuti adikire mwanayo auluke. Mwana wa nkhwazi amakhala m'cisa masiku ngati 70.

"70 amalembedwa bwanji?" anafunsa.

Ndinalemba ndi cala pamcenga. Kuyambira tsikulo ankalemba nambala imodzi m'kope mwao tsiku lililonse. Poyamba 3 ankayang'ana cakumbuyo. Pofika pa 40 dzanja linali litazolowera. Masiku ena ankabwera okha kumtsinje, n'kudzandiuza m'kalasi kuti mwana wayamba kukupiza mapiko.

Mu Seputembala mwanayo anauluka. Anaoloka Ruo, nakatera pa mtengo wa ku Malawi. Tinaonera limodzi, ndipo bambowo anaseka: "Waoloka wopanda bwato!"

Mtengo ukadalipo. Bambowo amabwereka bwato la alamu ao, ndipo nsomba amagawana. Sakondwa nazo kwenikweni. Nkhwangwa ija ili kuseri kwa citseko cao, ndipo amainolabe.