Mwini nyumba nayenso amalemba mayeso

Aphunzitsi anzanga, makamaka inu amene penshoni yayandikira, nkhani ya lero ndi yanu. Ambirife timalota kuti ndalama zopumira pantchito zikatuluka timalize kanyumba kathu, kenaka tizidya za lendi. Tsono pali njira ina imene yafala m'matauni ndi kunyanja: m'malo moika munthu wa lendi ya pamwezi, nyumba umaipereka kwa woyang'anira nyumba za alendo ogona masiku ochepa. Iyeyo amaiika pa Airbnb, imene idayamba mu 2008 ku San Francisco, kapena pa Booking.com. Amalandira alendo, amachapitsa zofunda, amadula gawo lake, zotsala n'kukutumizira.

Mmodzi mwa ana amene ndidawaphunzitsa Fomu 4 amagwira ntchito imeneyi ku Lilongwe ndi ku Senga Bay, ndipo zambiri ndikulembazi ndazimva kwa iye. Kupeza eni nyumba akuti sikuvuta kwenikweni. Ena amabwera okha atamva kwa mnzawo kutchalitchi kapena pa WhatsApp, makamaka a kwathu amene ali ku Johannesburg ndi ku UK koma nyumba zawo zangokhala ndi mlonda. Ena amawasaka yekha pa intaneti: akaona nyumba yabwino ili ndi zithunzi zamdima ndiponso ndemanga za alendo odandaula, amadziwa kuti mwini wakeyo zamulemera, ndiye amamulembera.

Povuta ndi pa kusankha. Ine ndinkayembekeza kuti amayamba ndi kuona matailosi ndi mabedi, koma ayi, amayamba ndi mapepala. Nyumbayi ili m'dzina la yani? Ngati ndi ya malemu, kodi chuma chamasiye chidagawidwa kale, kapena mawa kudzatulukira mlongo wake ndi loko watsopano alendo ali m'kati? Lamulo la chuma chamasiye la 2011 lilipo, komabe tonse tikudziwa mmene mabanja amakanganirana pa nyumba ya m'tauni. Munthu amene iyenso ndi wa lendi ndipo akufuna kubwereketsa nyumba ya eni ake mwakabisira, ameneyo amamubweza pachipata pomwepo.

Kenaka madzi ndi magetsi. Mlendo amene walipira usiku umodzi ndalama yoposa lendi ya sabata samva zoti dikirani magetsi abwera. Choncho funso ndi lakuti: kodi mwini nyumba avomera kugula thanki, mabatire kapena sola? Nanga giza ikafa Loweruka usiku, alola kuti ikonzedwe ndi ndalama za nyumbayo, kapena afuna ayimbiridwe foni katatu kaye? Akuti yankho la funso limeneli limamuuza zambiri kuposa china chilichonse.

Koma chimene chidandiseketsa, ndiponso kundikhudza, ndi nkhani ya abale. Nyumba ya kunyanja imapanga ndalama pa Khirisimasi, pa Pasaka ndi pa tchuthi cha sukulu. Nthawi yomweyonso ndi imene mwini wake amaimba kuti, "Achimwene anga akubwera ndi ana, apatseni makiyi." Alendo adalipira kale miyezi iwiri yapitayo! Ukawachotsa, Airbnb imakulipiritsa chindapusa ndipo mbiri yako imaonongeka, pamodzi ndi ya nyumba zina zonse zimene ukuyang'anira. N'chifukwa chake masiku a mwini nyumba amalembedweratu mu mgwirizano. Wokana kusaina amasiyidwa, ngakhale nyumba yake itakongola bwanji.

Poyamba zidandimvekera ngati mwano, mwana wa dzulodzulo kumafunsa mafunso munthu amene adamanga nyumba ndi thukuta lake. Koma ndikuona kuti mnyamatayu akulondola, ngakhale kwa ife Amalawi kuuza mbale wako kuti nyumba yako yomwe "yadzaza" ndi chinthu chowawa. Ena mwa ife sitingathe, ndipo si mlandu. Lendi ya pamwezi ikadalipo.

Amene mukufuna kuyesa, nanunso mufunseni woyang'anirayo. Akuonetseni nyumba zimene ali nazo kale, mulankhule ndi mwini wake mmodzi iye palibe. Mumve kuti gawo lakelo amadula asanachotse kapena atachotsa zolipira za madzi, magetsi ndi wokonza m'nyumba, chifukwa kusiyana kwake n'kwakukulu. Mufunsenso za chiphaso cha boma cholandirira alendo ndi za msonkho wa ku MRA, kuti adzalipira ndani, komanso miyezi ya mvula nyumba ikakhala yopanda alendo mlonda adzamulipira ndani.