Lona siliyamba kung'ambika pakati

Phiri la Mulanje limadyetsa mabanja ambiri a m'munsi mwake. Ku Likhubula, ku Lujeri ndi ku Fort Lister kuli anyamata amene ntchito yawo ndi kuperekeza alendo ndi kuwanyamulira katundu. Nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Ogasiti chiperoni chimatha kuphimba njira mwadzidzidzi, kukhale nkhungu, mvula yowaza ndi mphepo yolowa m'mafupa. M'chaka cha 2009 mlendo wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, anasochera kumeneko atasiyana ndi womuperekeza, ndipo anamwalira ndi kuzizira. Nyumba zogona alendo monga Chambe, Chisepo ndi Thuchila zilipo, koma kuchoka pa ina kufika pa inzake ndi ulendo wa maola angapo. Munthu akagwidwa ndi mdima pakati, pobisala pake ndi chimene wanyamula.

Mmodzi mwa anyamata amenewa ndi mwana wa mlongo wake wa telala wina amene amasoka pa khonde la sitolo ku Likhubula. Bambo a mnyamatayo anamwalira kalekale, choncho telalayu, monga mwini mbumba, ndiye amamuyang'anira. Ndalama za kuphiri ndi zimene zimalipirira mlongo wa mnyamatayo sukulu ya sekondale. Tsiku lina alendo anamusiyira tenti yothyoka mapolo. Nsalu yake inali yopyapyala, yoterera, yamizere ya timabokosi. Telalayo anaisomola, nadula zidutswa zabwino, nazilumikiza ndi msoko wopinda kawiri mpaka linatuluka lona la mamita 2 m'lifupi ndi 3 m'litali. Kulemera kwake silinafike theka la kilogalamu.

Mnyamatayo anafuna kuti amalume ake angosokerapo makutu omangapo zingwe, ntchito ithe. Iwo anakana. Pa zaka zonse zimene akhala akukonza zovala za anthu anaona kuti buluku limayamba kung'ambika pangodya ya thumba, ndipo malaya amayambira pa batani. Nsalu imagonja pamene mphamvu yaunjikana malo amodzi.

"Taona, mwanawe," anatero akuloza lisiti la m'sitolo, "timabowo ta mzerewu anatiboola dala kuti pepala lizing'ambika mosavuta. Singano yanga ikadutsa pansalu yopyapyala chonchi ichita chimodzimodzi. Mphepo ikakoka chingwe, idzang'amba motsata ulusi wanga."

Chofunika chinali chigamba chomata. Chigamba chosoka chimagwira pamzere wa ulusi pokha, pamene chomata chimagwira paliponse pamene chakhudza, ndipo mphamvu ya chingwe imagawikana pamalo aakulu. Vuto linali guluu. Telalayo anayesa pa tinsalu totsala: guluu wa nsapato, sulushoni womatira chubu cha njinga, ngakhale selotepi. M'mawa mwake zonse zinamatuka ngati khoko la nthochi. Safunsa anadya phula, choncho anatenga kansalu n'kukaonetsa mmisiri woika magalasi m'mawindo ku Chitakale. Uyo atakafikisa ndi zala anati ndi nayiloni wonyikidwa mu silikoni mbali zonse ziwiri. Silikoni ndi amene amakaniza madzi, ndipo ndi yemweyo amakaniza guluu. Chimene chimagwira pa silikoni ndi silikoni mnzake, yemwe amamatira magalasi ndi masinki. Anawachenjeza kuti agule woonekera mkati, wolembedwa kuti ndi silikoni weniweni, chifukwa pali zomatira zina za akiliki zofanana naye botolo zimene sizingagwire.

Zigamba zinali zisanu ndi zitatu: zinayi za m'ngodya ndi zinayi za pakati pa mbali iliyonse. Anazidula pansalu yomweyo, chilichonse chotambalala pafupifupi masentimita 12, ndipo m'mphepete mwake anazungulizamo, pakuti ngodya yosongoka ndiyo imayamba kutukuka. Anaonetsetsa kuti mizere ya chigamba ikutsatana ndi mizere ya lona, kuti zonse ziwiri zizitamuka mofanana. Malo omatapo anawapukuta ndi sipiliti kuchotsa fumbi ndi mafuta a m'manja. Silikoni anamusungunula pang'ono m'kabotolo ndi mafuta osungunulira penti otchedwa mineral turpentine mpaka anakhala ngati uchi. Ntchitoyi anaichitira panja, kutali ndi mbaula, chifukwa mafutawa sachedwa kuyaka ndipo fungo lake limapweteketsa mutu.

Kenaka anapaka mopyapyala ndi kakhadi kakale ka pulasitiki, naika chigamba, nagudubuzapo botolo kuchokera pakati kupita kunja kuti mpweya wonse utuluke. Silikoni wochuluka sawonjezera mphamvu. Amangochititsa chigamba kutsetsereka ndi kuchedwa kuuma. Pamwamba anayalapo jumbo, kenaka thabwa ndi njerwa ziwiri. Patapita maola angapo anachotsa njerwazo, ndipo jumboyo inachoka bwinobwino osamatirira.

Apa ndi pamene anasemphana maganizo. Madzulo a tsikulo kunabwera uthenga wakuti mawa lake kuli alendo opita ku Chambe.

"Amalume, chauma ichi. Sokani makutuwo usiku uno ndinyamule."

"Nunkhiza," anatero iwo.

Chigambacho chinkanunkha ngati viniga. Silikoni wa mtundu umenewu sauma ndi dzuwa ngati matope. Amalimba pokoka chinyezi cha mumpweya, ndipo pamene akulimba amatulutsa asidi wa fungo la viniga. Pamwamba pamagwira msanga, koma pakati pa nsalu ziwiri zosalowa madzi pamafunika maola osachepera 24, ndipo masiku awiri ndiye abwino koposa. Kusoka asanalimbe kumamatiriza singano ndi kusuntha chigamba. Mnyamatayo anakwera phiri ndi pepala lake lakale la pulasitiki, ali wokhumudwa, lona litatsala pachingwe kuseri kwa sitolo.

Fungo litatha, telalayo anayesa kumatula kansalu kamene anamata tsiku lomwelo ngati mboni. Kanakana. Ndipo anapinda mpendero, nadula lamba wa chikwama chakale kukhala makutu, nawasokera pamwamba pa zigamba ndi ulusi wa poliyesitala, singano yaing'ono, ndi misoko yotalikirana pafupifupi mamilimita 3 kuti mabowo asachuluke. Msoko uliwonse unathera mkati mwa chigamba. Pomaliza anapaka silikoni wosungunula pa mabowo onse a singano ndi pa msoko wapakati kuti madzi asadonthe.

M'mwezi wa Julayi mlendo wina anabinya phazi pakati pa Chisepo ndi Thuchila, dzuwa litapendeka, chiperoni chikutsika. Anthu atatu anagona pansi pa lonalo, litamangidwa ku miyala ndi ku ndodo zoyendera. Pakati pa usiku chingwe chimodzi chinaduka ndipo anachilumikiza mumdima. Nsalu sinang'ambike. Atatsika, mnyamatayo anapereka chingwe chodukacho kwa amalume ake, iwo nachiyang'ana nati chimene chiyenera kuduka ndi chingwe, popeza chingwe chimagulidwa pamsika uliwonse.

Mbiri itamveka, alimi anayamba kubwera ndi malona awo oyanikapo chimanga ndi nandolo, ena atagula kale silikoni. Ambiri mwa malonawo ndi abuluu a m'sitolo, ena ndi oyera a mamita 4 ndi 6 a mtundu umene mabungwe amagawa pa nthawi ya ngozi, monga pambuyo pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene anthu oposa 500,000 anasowa pokhala m'chigawo cha kummwera kwa Malawi. Telalayo amawabweza ndi silikoni wawoyo. Malona amenewa ndi a pulasitiki wa gulu limodzi ndi jumbo ija imene inachoka osamatirira, ndipo guluu wamba sagwirapo. Chigamba chake chimadulidwa pa lona lina lakutha, n'kupindidwa kuti chigwire mbali zonse ziwiri, n'kusokedwa ndi misoko yotalikirana. Pamene palibe wosoka, mwala wosalala waukulu ngati dzira umakulungidwa m'ngodya ya lona, chingwe n'kumangidwa m'khosi mwake, osaboola paliponse. Mphira ya chubu chakale ikaikidwa pakati pa chingwe ndi chikhomo imamwa mphamvu ya mphepo. Malona olemera a pa malole ndi a PVC, ndipo ali ndi guluu wawo wa PVC.

Lona lobooka limalowetsa chinyezi m'chimanga, chinyezi chimabala chuku, ndipo chuku china chimatulutsa poizoni wa aflatoxin amene amawononga chiwindi ndi kugwetsa mtengo wa mbewu pamsika. N'chifukwa chake telalayo amauza alimi kuti abweretse lona likadali latsopano, alilimbitse m'ngodya lisanaone mphepo, ndipo ntchito ikatha alipinde n'kulisunga pamthunzi, pakuti dzuwa limafoola nayiloni ndi pulasitiki yemwe. Ambiri amabwerabe litang'ambika kale. Amawalandira ndithu, koma asanatchule mtengo amayamba wafikisa nsaluyo ndi zala, n'kudula kachidutswa koyesera, n'kuwauza kuti adzabwerenso mkuja.