Mawatsi a Pakatoni

Kuno ku Nthalire wailesi ya galimoto sikhala m'galimoto mokha. Ambirife timailumikiza ku batire ya sola m'nyumba. Ikafa, kuibweza kwa wogulitsa ku Chitipa boma ndi ulendo wodya kamalipiro kathu ka m'boma.

N'chifukwa chake ine katoni yolembedwa 1000W PMPO sindiikhulupirira. Ndimatembenuza wailesiyo n'kuwerenga fyuzi. Ikakhala ya maampu 10, pa batire ya mavoti 12, mphamvu yolowa siingapose kwenikweni mawatsi 120, ndipo ina imathera m'kutentha. Nanga 1000 ichokera kuti?

Abale anga, funsani nambala ya RMS, kenaka kwezani voliyumu. Ikasasa mawu msanga, isiyeni. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.