Kabatire ka mu rimoti tisakapeputse

Ife oyenda maulendo a geni timakumbukira matayala, oyilo ndi mapepala a galimoto, koma kabatire ka mu rimoti ya kiyi sitikaganizira. Chonsecho kanthu konga ndalama yachitsulo kameneka kangatigoneke pa boda ya Mwanza kapena Nyamapanda katundu ali tho m'galimoto.

Kasanafe kamatichenjeza. Zitseko zomwe tinkatsegula tili patali zimayamba kufuna tifike pafupi, kapena tidine kawiri katatu. Tikaona zotere tisinthe tisananyamuke. Chitseko chikakana kukiyika ife osadziwa, n'kukaima pamzere wa kasitomu, ndiye kuti mpamba wonse tausiya poyera.

Kusintha sikulira mekaniki. Pa rimoti zambiri pali kabatani kotulutsira kakiyi kachitsulo. Ndi nsonga ya kakiyiko, kapena sikuludiraiva yaying'ono, timakanula polumikizira pang'onopang'ono kuti pulasitiki isathyoke. Tisanachotse batire lakale tijambule ndi foni, tione komwe mbali ya + yayang'ana. Nambala imalembedwa pa batire pomwepo: ambiri ndi CR2032, ena CR2025 kapena CR1632. Onsewa ndi a 3V koma amasiyana kukula. CR2032 ndi CR2025 m'lifupi ndi ofanana, 20mm, koma loyambalo n'lonenepa 3.2mm pomwe linalo ndi 2.5mm. Tikaika lopyapyala limatha kugwedera, lero rimoti igwira, mawa ikana.

Nanga likafera panjira? Kakiyi kachitsulo kaja kamatsegula chitseko cha dalaivala. Ngati galimoto ndi yoliza ndi batani, monga Toyota zambiri zochokera ku Japan, tiponde bureki, tigunditse rimoti pa batani loliza injini, kenako tidine batanilo. Imalira ndithu, chifukwa rimoti ikakhala pafupi chonchi galimoto imaizindikira ngakhale batire litatha.

Pogula tisankhe lomata bwino m'paketi, tione deti lake. Tigule awiri. Lapaderalo likhale m'chikwama cha pasipoti, osati m'galimoto momwe tingalikiyire, ndipo tisalitulutse m'paketi, chifukwa likamakhudzana ndi ndalama zachitsulo limatha mphamvu. Lakale tisalisiye pomwe ana afikira. Mwana akalimeza limawotcha kummero, n'zothamangira nazo kuchipatala nthawi yomweyo.

Ndipo rimoti ikhale yatsopano kapena yakale, tikakiya tiziyesa chitseko ndi dzanja tisanachoke. Muyende bwino nonse.