Kwa mwana wanga, asananyamuke kupita ku Mzuzu

Wokondedwa mwana wanga,

Kuyambira uli khanda, ine ndi bambo ako ndi amene takhala tikuyang'anira thanzi lako. Ku yunivesite uzikadziyang'anira wekha, choncho ndikufuna udziwe bwinobwino zimene matenda a sickle cell amachita m'magazi mwako.

Selo lililonse la m'thupi ladzaza madzi osakanikirana ndi mchere ndi mapuloteni. Selo lofiira la magazi likamakhwima limataya phata lake, n'kudzaza ndi himogulobini, puloteni imene imanyamula mpweya wa okosijeni kuchoka m'mapapo kupita m'thupi lonse. Himogulobini yako imasiyana ndi ya anzako pa kachigawo kamodzi kokha, koma ikangotula mpweya imamatirirana n'kupanga timizere tolimba. Selo lofewa lija limauma n'kupindika ngati chikwakwa, ndipo likafika m'timitsempha ting'onoting'ono limatseka njira. Ululu wa m'mafupa umene unkakuchezetsa usiku wonse umayambira pamenepo. Maselo ofiira a anthu ena amakhala masiku pafupifupi 120, pamene ako sapitirira masiku 20. N'chifukwa chake magazi amakuchepera kawirikawiri.

Ukamva ndikulimbikira za madzi usamati mayi amalongolola. Madzi akachepa m'kati mwa selo, himogulobini imathithikana ndipo imamatirirana msanga. Botolo la madzi lisakuchoke m'manja, m'kalasi ngakhale m'basi. Mowa umaumitsa thupi, uwusiyiretu. Ku Mzuzu kumazizira kwambiri mu Juni ndi Julaye, ndipo chisanu chimachepetsa njira za magazi. Juzi ndi masokosi uzivala dzuwa lisanalowe, ndipo usasambe madzi ozizira ngakhale anzako akuseke.

Uzigona m'neti usiku uliwonse, malungo kwa iwe ndi oopsa kuposa kwa anzako. Mankhwala a folic acid uzimwa monga adokotala ananenera. Thupi likatentha kapena chifuwa chikayamba kupweteka, pita kuchipatala tsiku lomwelo, kabuku kako ka kuchipatala kali m'manja. Amene ukagone naye chipinda chimodzi umuuze za vuto lako, chifukwa iyeyo ndi amene angakunyamule usiku.

Lina ndi la m'tsogolo. Ife makolo ako sitidwala, koma aliyense anakupatsira mbewu imodzi ya matendawa. Palibe anakulodza. Ukadzapeza wokwatirana naye, akayezetse magazi musanafike kwa ankhoswe. Akadzapezeka kuti ali ndi mbewu imodzi ngati ife, pa mimba iliyonse mpata woti mwana abadwe ndi matendawa ndi theka.

Ukafika uimbe foni. Mulungu akusunge.

Ndine,
Mayi ako