ANA A ALIMI PA BWALO LA KOSHIEN

Pa 21 August 2018 ndinakwera sitima m'mawa ku Osaka, m'dziko la Japan, kupita ku Nishinomiya kumene kuli bwalo la Koshien, lomangidwa mu 1924. Dzuwa linali loswa mtengo, koma anthu okwana 45,000 anadzaza bwalolo kudzaonerera ana a sukulu. Linali tsiku lotsiriza la mpikisano wa baseball wa masukulu a sekondale, umene unayamba mu 1915.

Masewerawa amayenda motere, awerengi: gulu lirilonse likhala ndi anyamata 9. Wina aponya kampira kolimba, mdani wace akamenya ndi cibonga nathamanga kuzungulira malo anai. Akabwerera pamene anayambira, gulu lace lapata pointi.

Mbali imodzi kunali Osaka Toin, sukulu yochuka imene imasonkhanitsa akatswiri ocokera m'madera ambiri a dzikolo. Mbali ina kunali Kanaashi, sukulu ya boma yophunzitsa za ulimi, yocokera ku Akita, dera la mpunga la kumpoto. Anyamata ace onse anali a kwao komweko, ndipo anali 9 omwewo kuyambira masewera oyamba, popanda wolowa m'malo. Panali patapita zaka 103 gulu la ku Akita lisanafikenso pa tsiku lotsiriza.

Pafupi nane panakhala mai wina wacikulire, kansalu konyowa kali pamutu. Cinenero sitinamvane, koma Kanaashi ikamenya mpira iye anali kundigwedeza phewa.

Maso onse anali pa Kosei Yoshida, woponya wa Kanaashi, amene anaponya yekha m'masewera onse asanu a m'mbuyo. Tsikuli mkono unamkana. Adani anamenya mipira yace mosalekeza kufikira anapatsa mnzace nchito yoponya. Masewera anatha 13 kwa 2, Osaka Toin nitenga mbendera ya cipambano.

Pa mpikisano wonsewo Yoshida anaponya mipira 881. Tinamuombera m'manja, koma funso linatsala: kodi n'koyenera kusenzetsa mwana katundu wotere kuti akuru asangalale? Ngakhale ng'ombe yamphamvu imamasulidwa goli dzuwa likafika pamutu. Mu 2020 akuru a masewerawa anaika lamulo lakuti mnyamata asapitirire mipira 500 pa sabata.

Atatha masewera, magulu awiriwo anandanda nawerama moyang'anana. Anyamata a Kanaashi anali kulira, mai uja nayenso, ndipo bwalo lonse linawaombera m'manja ngati ndiwo apambana.

Pa Koshien pali mwambo wakuti ogonja amagwada, natapa dothi lakuda la pabwalo m'timatumba kupita nalo kwao. Kwa ana a alimi, amene adziwa mtengo wa nthaka, imeneyo si mphatso yaing'ono.