Kachilombo kodziwa chinenero cha magazi

M'thupi la munthu simukhala zii ngakhale pakati pa usiku. Maselo oyera a m'magazi, amene anthu ambiri amawatchula kuti asilikali a m'thupi, amatumizirana mauthenga nthawi zonse. Mawu awo ndi timapuloteni ting'onoting'ono timene selo limodzi limatulutsa kuti linzake limve. Asayansi amatitcha ma cytokine, dzina limene Stanley Cohen anapereka m'chaka cha 1974. Gulu lina la timapuloteniti linapatsidwa dzina lakuti interleukin pa msonkhano wa ku Ermatingen, m'dziko la Switzerland, mu 1979, ndipo dzinalo limatanthauza chinthu choyenda pakati pa maselo oyera. Mwachidule amangolemba IL ndi nambala yake.

Aliyense mwa mawu amenewa ali ndi ntchito. IL-2 imauza maselo otchedwa T kuti achulukane, nkhondo yafika. IL-6 imatenthetsa thupi ndi kufulumiza maselo otchedwa B kuti asule zida zogwirira mdani. IL-10 ndiyo mkulu woleretsa ndewu: ikamveka, asilikali amatsitsa mikondo. Popanda iyo, asilikali atapsa mtima akhoza kutentha mudzi wawo womwe, ndipo munthu angafe ndi chitetezo chake chomwe.

Koma chinenero chimenechi chili ndi pofooka pake. Kumudzi, munthu akafuula madzulo kuti mawa kuli msonkhano kwa mfumu, anthu amatuluka kuti aone ngati wolengezayo ndi nyakwawa amene amamudziwa. Selo lilibe mwayi wotero. Pakhungu lake pali timakutu timene timazindikira kaumbidwe ka uthenga kokha, ndipo uthengawo ukangokwanira pakhutupo, selo limamvera osafunsa kuti watuma ndani. Pali tizilombo tina timene tinatulukira mpata umenewu kalekale.

Nkhani ya kamodzi mwa ito inayambira pa chipatala cha Mulago ku Kampala, kumene dokotala Denis Burkitt ankaona ana otupa nsagwada modabwitsa. Analemba za chotupachi mu 1958, ndipo mu 1961 anayenda ulendo wa masabata khumi pa galimoto, pamodzi ndi madokotala anzake Ted Williams ndi Cliff Nelson, kufunsa m'zipatala za kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, kuphatikizapo za ku Nyasaland ndi ku Northern Rhodesia. Anapeza kuti nthendayi inali yofala m'madera otentha ndi a mvula yambiri, monga m'mphepete mwa nyanja, koma yosowa m'mapiri ozizira. Mapu ake anafanana ndi mapu a udzudzu. Chaka chomwecho, Anthony Epstein anali atamva Burkitt akukamba ku London, napempha kuti azimutumizira zidutswa za zotupazo. Mu 1964, Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong anaona kachilombo m'maselo a chotupacho, kamene lero kamatchedwa Epstein-Barr kapena EBV. Kanali koyamba kupezeka kokhudzana ndi khansa mwa anthu.

Chovuta kumvetsa chinali chakuti anthu akuluakulu oposa 90 pa 100 aliwonse padziko lapansi ali nako kachilomboka, ndipo ana ambiri a mu Africa amakatenga kudzera m'malovu akadali aang'ono. Kamalowa m'maselo a B n'kukhalamo moyo wonse wa munthuyo. Kamatha bwanji kukhala chomwecho pakati pa asilikali? Mbali ina ya yankho inadza mu 1990, patangopita chaka chimodzi IL-10 itatulukiridwa. Ofufuza anapeza kuti EBV ili ndi malangizo akeake, otchedwa BCRF1, opangira puloteni yofanana kwambiri ndi IL-10 ya munthu. Kachilomboka kakamalowa m'selo latsopano kapena kakamaswana, kamalankhula ndi mawu a mkulu woleretsa uja, asilikali n'kubwerera nkhondo isanayambe. Kali ndi puloteni inanso, LMP1, imene imatsanzira khutu la selo la B lotchedwa CD40. Khutu lenileni limadikira kuti selo la T lilankhule, pamene lonamizirali limangouza selo kuti lamva lamulo loti likule, chikhalirecho palibe walankhula.

Komabe chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo kachilomboka pakokha sikakwanitsa kuyambitsa khansa ya Burkitt. Apa ndi pamene mapu a udzudzu aja amamveka. Mwana wodwala malungo mobwerezabwereza amakhala ndi maselo a B amene akukakamizidwa kuchulukana kosalekeza, pamene maselo a T oyang'anira EBV afooka. M'chipwirikiti chimenecho, selo limodzi limalakwitsa posoka DNA yake: kachigawo kotchedwa MYC, kolamulira kugawikana kwa selo, kamachoka pa chromosome 8 n'kukamatirira, kawirikawiri, pa chromosome 14, pamalo pamene selo la B limawerenga tsiku lililonse. Selo lotere limayenera kudzipha lokha, koma EBV imathandiza kuti lisafe. Zotsatira zake ndi chotupa chimene maselo ake amatha kuwirikiza m'tsiku limodzi kapena awiri.

Luso lonamizira mawuli si la EBV yokha. Mu 1994, Yuan Chang ndi Patrick Moore anatulukira ku New York kachilombo koyambitsa khansa ya Kaposi, imene inafala kwambiri ku Malawi ndi ku Zambia m'zaka za mliri wa Edzi. Ako kamapanga IL-6 yakeyake, ndipo kamayambitsanso nthenda ziwiri za maselo a B: khansa yodzaza madzi m'chifuwa kapena m'mimba, ndi mtundu wina wa nthenda ya Castleman, imene wodwala amatentha thupi, kutupa mwanabere ndi kuchepa magazi chifukwa mfuu yoitana nkhondo siikutha. Ku Japan, makamaka pachilumba cha Kyushu, kuli khansa ya maselo a T imene Kiyoshi Takatsuki ndi anzake anafotokoza mu 1977. Imayamba ndi kachilombo ka HTLV-1, kamene sikapanga mawu akeake koma kamakakamiza selo kutulutsa IL-2 pamodzi ndi khutu lomvera IL-2 yomweyo, kotero kuti selo limadziitana lokha ndi kudziyankha lokha.

Kudziwa chinenerochi kwayamba kubala mankhwala. Mu 2012 dziko la Japan linavomereza mogamulizumab, mankhwala ogwira khutu lotchedwa CCR4, limene limachuluka pa maselo a khansa ya HTLV-1. Mu 2014 kunabwera siltuximab, wotsekereza IL-6 ya munthu, koma iye sagwira IL-6 ya kachilombo ka Kaposi, chifukwa mawu onamizirawo amasiyana ndi enieni. Pa kusiyana koteroko pagona moyo wa wodwala.

Kwa banja la ku Nkhotakota, Chikwawa kapena Chipata, nzeru zonsezi zimathera pa chinthu chimodzi: nthawi. Khansa ya Burkitt ndi imodzi mwa khansa zofala kwambiri mwa ana m'maderawa. Imayamba ngati dzino logwedera, tsaya lotupa, diso lotong'oka kapena mimba yofufuma, ndipo liwiro lake limachititsa achibale kuganiza za ufiti, masabata n'kumapita akuzula dzino kapena kutema mphini. Koma liwiro lomwelo ndilo limachititsa kuti chotupachi chimve mankhwala msanga, pakuti mankhwala monga cyclophosphamide amapha maselo amene akugawikana. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi cha Kamuzu Central ku Lilongwe kwachira ana ambiri, makamaka ofika chotupa chisanafalikire. Katemera wa EBV sanavomerezedwe kulikonse, motero zimene zili m'manja mwa makolo lero ndi masikito, kuchiza malungo mwamsanga, ndi kunyamula mwana wotupa nsagwada kupita naye kuchipatala sabata yomweyo.